Kodi Ndani Amayang'anira Zoonetsedwa pa Kanema?

 Mwandipempha kuti ndilankhulepo za wailesi yakanema, imene tsopano yaloŵa m'nyumba zathu ndipo ana akuikonda koposa nthano za agogo ao.

Achikulire mukumbuka kuti nthaŵi ya Dr. H. Kamuzu Banda dziko la Malaŵi linalibe wailesi yakanema. Tinkangomvera MBC basi. Koma lamulo loyang'anira zithunzi linalipo kale, pakuti m'chaka cha 1968 boma linakhazikitsa Censorship Board, bungwe loona mafilimu, mabuku ndi nyimbo anthu asanazilandire. Television Malawi inatsegulidwa pa 1 April 1999, muulamuliro wa a Bakili Muluzi. Chaka cha 1998, kanemayo asanayambe, Nyumba ya Malamulo inali itapanga lamulo limene linabala MACRA. Bungwe limeneli ndilo limapereka ziphaso kwa onse ofuna kuulutsa mau kapena zithunzi, ndipo lili ndi mphamvu yochenjeza, kulipiritsa chindapusa, ngakhale kulanda chiphasocho. Lamulolo analikonzanso mu 2016.

Nkhani ya mu 2003 ndiyo ndifuna tiimepo pang'ono. Chaka chimenecho TVM inkaonetsa Big Brother Africa, maseŵera a anyamata ndi atsikana a maiko 12 otsekeredwa m'nyumba imodzi ku South Africa, makamera akuwajambula usana ndi usiku. Mmodzi mwa iwo anali mwana wathu wa ku Malaŵi, Zein Dudha. Makolo ambiri ndi atsogoleri a mipingo anadandaula kuti zooneka m'menemo nzolaula. Mwezi wa August aphungu anagwirizana kuti pologalamuyo iletsedwe, ndipo TVM inaleka kuionetsa. Koma sipanapite nthaŵi, Bwalo Lalikulu la milandu linachotsa chiletsocho, ndipo anthu anayambanso kuonera.

Ena mwa ife tinakhumudwa. Koma ine ndimati bwalolo linatikumbutsa chinthu chofunika, chakuti kuletsa kuli ndi njira yake, ndipo ngakhale aphungu ayenera kuitsata. Mphamvu yotseka zonyansa, ikakhala yopanda malire, imatsekanso pakamwa pa munthu wosauka. Mu 2019, chisankho chitangotha, MACRA inaimitsa mapologalamu amene anthu amaimba lamya kunena zakukhosi, ndipo eni nyumba zoulutsira mau anachita kuthamangira ku khoti. Mayi wofuna kudandaula za kusoŵa kwa mankhwala kapena za mtengo wa feteleza, akanaimbira kuti?

MACRA imayang'ananso za ndalama. Mu 2022 inalanda ziphaso za nyumba zingapo, monga Rainbow TV, chifukwa chosalipira ndalama za chiphaso. Mu 2023 inakangana ndi a MultiChoice pa za kukweza mitengo ya DStv, mpaka nkhaniyo inakafika ku khoti.

Koma amayi, vuto lathu lenileni kuno kunyanja silili pa MBC ai. Lili m'tinyumba ta vidiyo ta pamsika ndi kumadooko, kumene mwana wa zaka zisanu ndi ziŵiri amaloŵa ndi kandalama kamene wapeza pothandiza kukoka khoka, nakhala pamodzi ndi akuluakulu mpaka usiku. Lilinso m'mafoni, m'mene zithunzi zimayenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo popanda woziona. MACRA ili kutali ndithu, ndipo sidziŵa chimene chikuonetsedwa kuseri kwa nsalu yakuda ija. Malo oonetsera mafilimu ayenera kukhala ndi chilolezo, choncho si mwano kumfunsa mwini wake mwaulemu kuti atiwonetse pepala lake. Akakana, mfumu ya m'mudzi ilipo, komiti ya sukulu ilipo, apolisinso alipo. Tipite aŵiri kapena atatu, pakuti mayi mmodzi amamuseka kuti ndi wolongolola.

Ndipo mukaona chosayenera pa kanema wa m'dziko muno nthaŵi imene ana ali maso, musangodzuma n'kuzimitsa. Lembani dzina la wailesiyo, dzina la pologalamu, tsiku ndi ola. Mlembi wathu alembe kalata m'dzina la gulu lonse, imodzi ipite kwa eni wailesi, ina ku MACRA, yachitatu isungidwe m'buku lathu la misonkhano kuti tidzadziŵe tsiku lokafunsa yankho.