Zipsera Zotupa: Musaziteme ndi Lumo

Lero tikambe za cipsera cija cokana kuphwa.

Munthu akadzitema ndi cikwanje podula nzimbe, akapsa ndi moto, kapena mbedza ikamng'amba, bala limapola ndi kusiya kacipsera. Koma mwa anthu ena thupi silileka kumanga mnofu ngakhale bala lapola kale. Cipsera cimatukumuka, cimauma gwa, cimapitirira malire a bala, ndipo cimayabwa. Madotolo acicha keloid, dzina locokera ku mau a Cigriki onena za dzanja la nkhanu. Inu a kunyanja mukaciona m'mene cimatambalalira simudzadabwa nalo dzinalo. Cimakonda makutu oboola, cifuwa, mapewa ndi cibwano, makamaka mwa anthu a zaka 10 kufikira 30. Ife a khungu lakuda cimatipeza kawirikawiri, ndipo cimatsata mtundu.

Mafumu, uzani anthu anu kuti si ufiti ai, ndipo sicipatsirana. Si khate: banga la khate limacita dzanzi, koma ici cimamva kuwawa. Mtsikana wacipsera pakhutu asasalidwe pacitsime.

Tsono mvetsani apa. Cipsera cotere cimabadwa ndi bala. Mukacitema mphini, kapena kucidula ndi lumo, kapena kucimanga ndi ulusi kuti ciduke, mwapanga bala latsopano, ndipo cidzamera cacikuru kuposa kale. Ngakhale dotolo sacidula mwacisawawa, pakuti codulidwa popanda mankhwala ena cimabwerera mwa anthu ambiri.

Mankhwala eni eni ndiwo jekeseni wochedwa triamcinolone, wobaya m'kati mwa cipsera momwemo kamodzi pa masabata 4 kapena 6. Amawawa ndithu, sitikunamizani. Kuyabwa kumayamba kuleka, pambuyo pace cipsera cimafewa ndi kutsika pang'ono pang'ono. Cizindikiro cimatsala, koma mtendere umabwera. Ambiri amabayitsa kamodzi, naleka cifukwa ulendo watalika kapena mpunga waca m'dambo. Otero amataya ndalama zao cabe. Yambani pa cipatala ca pafupi. Iwo adzakutumizani ku cipatala ca boma ku Nkhotakota, kapena kwa madotolo a khungu ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pitani cikali cacing'ono.

Ndipo inu amai, ngati pabanja panu alipo wacipsera cotere, musaboole makutu a mwana, ngakhale alire ndolo.