Ulendo wa Chuthi ku Mapiri a m'Mbali mwa Nyanja

Nkhani yathu ya lero ndi ya chuthi. Ngakhale nkhaniyi iri ya ife tonse, ndifuna kulankhula makamaka ndi inu abale a m'malokeshoni a Harare, a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Rugare, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, inu amene makolo anu anacokera ku Nyasaland nadzamanga kuno. Funso langa ndi ili: pamene akupatsani masabata awiri kapena atatu opumula ku nchito, mumacita nao ciani? Ambiri a ife tidziwa yankho lace. Masiku amathera pa mowa ndi pa ntsolo, ndalama imatha sabata loyamba lisanathe, ndipo ana amakula osaiona nyanja imene agogo ao anali kuichula madzulo ali onse.

Tiyambe takumbukira m'mene anthu athu anafikira kuno. Ena anayenda pansi masabata ambiri, naoloka Zambezi ku Tete. Ena anakwera malole a Ulere. Ena analembedwa ndi Mthandizi. Pakati pao panali Atonga ambiri a ku Nkhata Bay, amene anaphunzira m'sukulu za mishoni, ndipo anachuka pa ukalaliki, pa ukapitao wa m'migodi, ndi pa kuphika ndi kuperekera zakudya m'mahotela. Clements Kadalie, amene anayambitsa cigwirizano ca anchito ca ICU ku Cape Town m'caka ca 1919, anali wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, ndipo anayamba wagwira ukalaliki m'dziko lino. Amene sanabwerere kwao anachedwa machona. Taganizani tsono: munthu wobadwira pa mcenga wa nyanja anakhala zaka makumi atatu alikukazingira alendo nsomba mu Salisbury, koma iye mwini sanakhalepo pansi tsiku limodzi kudya nsomba ya kwao monga mlendo wopumula. Mwai umene iye anausowa, adzukulu ace angathe kuupeza.

Coyamba ndi makalata. Lamulo la unzika la caka ca 2001 linasiya anthu ambiri a mtundu wathu opanda dziko, koma malamulo akuru a Zimbabwe a caka ca 2013 anabvomereza kuti munthu wobadwira kuno, wokhala konkuno, amene kholo lace linacokera ku maiko oyandikana nafe monga Malawi, Zambia ndi Mozambique, ali nzika yobadwa. Cifukwa cace yambani ndi citupa ndi pasipoti, zanu ndi za ana, miyezi ingapo chuthi cisanafike. Mabasi ocokera ku Harare amadzera ku Nyamapanda, naoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, nalowa m'Malawi pa Mwanza kapena pa Dedza. Abale a ku Zambia adzalowera pa Mchinji pocokera ku Chipata. Kucokera ku Lilongwe mungatsate mseu wa m'mbali mwa nyanja wodzera ku Salima ndi Nkhotakota, kapena wa kumtunda wodzera ku Kasungu ndi Mzuzu. Miseu yonse iwiri idzakufikitsani ku Nkhata Bay.

Munthu wozolowera dziko lathyathyathya la kuno adzadabwa pofika kumeneko, pakuti mapiri amatsikira m'madzi mwenimweni. Kumwera nyanja iri ndi madooko a mcenga wautali, koma kumpoto kwa Nkhata Bay matanthwe amangophompheka kulowa pansi. Nyanjayi ndi yotalika makilomita pafupifupi 580, ndipo malo ace akuya koposa, mamita ngati 700, ali kumpoto komweko. Kunsi kwa mamita 250 madzi alibe mpweya, kotero nsomba zonse zimakhala m'madzi a pamwamba. Ngakhale ziri tero, mitundu ya nsomba za m'nyanjayi ipitirira 700, ndipo palibe nyanja yina pa dziko lapansi yoiposa pa cimeneci. Tinsomba ta m'miyala tochedwa mbuna, tabiriwiri ndi tacikasu, mudzationa ndi maso anu mutangoima pa thanthwe madzi ali bata. Pamwamba pa mitengo mudzamva kupfuula kwa nkhwazi, mbalame imene iri pa cizindikiro ca Malawi ndi ca Zambia comwe, imene a ku Harare amaiona kamodzikamodzi ku Lake Chivero.

Amene afuna kuona mapiriwo bwino akwere sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland, nilumikizidwa ku Monkey Bay, niyamba kuyenda pa nyanjayi m'caka ca 1951. Funsani za masiku ace mutafika, pakuti nthawi zina imakhala pa dooko kukonzedwa. Pakati pa Nkhata Bay ndi Chilumba iri ndi poima pa Usisya ndi pa Ruarwe, midzi yopanikizika pakati pa phiri ndi madzi. Ku Ruarwe anthu amafikako ndi bwato kapena ndi miyendo, ndipo tsiku lofika sitima mudzi wonse umatsikira ku gombe. Anyamata olimba angatsike pa Usisya ndi kuyenda pansi m'kanjira ka m'mphepete mwa madzi kufikira ku Ruarwe, akugona m'midzi.

Tsopano tinene za cakudya, pakuti ulendo wopanda cakudya ca kumaloko uli ngati kuwerenga buku losatsegula. Nsima ya ku Nkhata Bay si ya cimanga monga sadza imene tidya kuno, koma ya cinangwa, ndipo dzina lace ndi kondowole. Amai amasenda cinangwa, nacibviika m'madzi masiku angapo kuti ululu wace ucoke, naciyanika, nacisinja. Nsima yace imatamuka ngati phula, ndipo mlendo woyamba amalimbana nayo pang'ono, koma amene waizolowera amakhuta tsiku lonse. Masamba a cinangwa comweco, ochedwa cigwada, amasinjidwa ndi kuphikidwa ndiwo. Nsomba yonyadiridwa kumeneko ndi batala, yamafuta, yokoma poocha pa makala. Palinso kampango wopanda minga yambiri, woyenera ana, ndi ncheni, ndi mpasa imene imakwera mitsinje monga Bua ndi North Rukuru kukaswa. Cambo cochuka cija cimapezeka makamaka kumwera, ndipo cacepa kwambiri cifukwa ca kupha tiana tace; mukaona kasawala pa msika, musagule.

Usiku wamdima yang'anani pa nyanja, mudzaona nyali zambiri zandandalika monga mzinda woyandama. Amenewo ndi asodzi a usipa, amene amakopa nsomba ndi kuwala kwa nyali, nazizinga ndi khoka la cilimira. Usipa umene timagula pa msika uli wouma, ndipo wayenda masiku ambiri m'matumba. Koma lawirirani ku gombe m'mamawa, mugule wauwisi, muuphike ndi mcere ndi phwetekere yekha, pamenepo mudzazindikira cimene agogo anali kulirira. Nthawi zina mudzaona cinthu conga utsi cirikukwera pakati pa nyanja. Si moto ai, koma nkhungu, tizirombo touluka timene timakulira m'madzi ndi kuturuka pamodzi miyandamiyanda. Mphepo ikatifikitsa kumtunda, amai amatikola ndi malicero onyowa, natiumba timitanda, natiyanika, ndipo timasanduka ndiwo zopatsa thanzi. Opitirira mpaka ku Karonga akadye mpunga wonunkhira wa kilombero, ndi mbalagha, ndizo nthoci zophikidwa pamodzi ndi nyama.

Titadya, tikwere phiri. Mseu waukuru wocokera ku Mzuzu umatsika cikweza ca Chiweta kufika ku Chitimba, ndipo pamenepo payambira mseu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia. Utali wace ndi makilomita ngati 15, ndipo uli ndi makona 20 okhota ngati mbeza. Woyenda pansi, podutsa m'tinjira tacidule, amafika pamwamba patapita maora atatu kapena anai. Anyamuke kusanace, atatenga madzi akumwa. Mishoni imeneyi inayamba ku Cape Maclear m'caka ca 1875, nisamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anaikweza pa phiri la Khondowe pothawa malungo a m'cigwa. Nyumba yace yamiyala iripobe, ndipo muli zinthu zakale zoonetsa alendo. Aphunzitsi ndi makalaliki ambiri amene anadza kuno ku Harare anaphunzira pa phiri limeneli, ndipo mwana amene adzaima pamenepo adzadziwa kumene kunacokera cizungu cabwino ca agogo ace. Musanafike pa mishoni muli mathithi a Manchewe, kumene madzi amagwa mamita 125. Kuseri kwa madziwo kuli phanga limene Aphoka anali kubisalamo m'masiku a nkhondo. Gwirani ana pa mkono, pakuti m'mphepete mwa phompholo ndi moterera.

Kumtunda kwa Livingstonia kuli Nyika, nkhalango yosungiramo nyama yoposa zonse m'Malawi, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1965, ndipo kacigawo kace kali m'Zambia. Dzikolo ndi la zitunda za udzu waufupi, zokwera mamita oposa 2,000, ndipo nsonga yace ya Nganda ipitirira mamita 2,600. Popeza mitengo ndi yocepa, nyama zimaoneka patali: mbidzi, nchefu, cilembwe, mphoyo ndi njiri. Afisi ndi anyalugwe aliponso, ndipo m'caka ca 2017 anabweretsako njobvu 34 zocokera ku Liwonde. Mitundu ya mbalame ipitirira 400. Khomo lace ndi la Thazima, polowera ku Rumphi, ndipo kucokera ku Rumphi kufika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100. Ncifukwa cace nkwabwino kuti mabanja angapo asonkhe ndalama ya galimoto limodzi. Olimba miyendo amayenda masiku atatu kucokera ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, koma pokhapokha ali ndi mlonda wa nkhalango. M'miyezi ya June ndi July kumagwa cisanu coyeretsa udzu, kotero nyamulani majekete ndi mabulangete.

Akuru anati safunsa anadya phula, ndipo nyanja iri ndi malamulo ace. Kuyambira May kufikira August kumaomba mphepo ya mwera, imene imautsa mafunde akuru mosacenjeza. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira pafupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ngati sitima yacitsulo inatero, nanga bwato? Asodzi akakana kupalasa, inunso khalani pansi. Musasambe pa mathiriro a mitsinje kapena m'mabango, pakuti ndimo mokhala ng'ona ndi mvuu, ndiponso nkhono zofalitsa likodzo. Funsani eni mudzi malo osamba. Harare ali pamtunda pozizira, ndipo ana obadwira kuno alibe mphamvu yolimbana ndi malungo a kunyanja. Pitani ku cipatala musananyamuke, gonani m'masikito usiku uli wonse, ndipo mwana akatentha thupi mutabwerako, uzani adokotala kumene munali.

Wina adzati ulendo wotere ndi wa anthu olemera. Koma malo ogona otsika mtengo alipo ku Nkhata Bay ndi ku Chitimba, cakudya ca pa msika sicidula, ndipo kandalama kosungidwa mwezi ndi mwezi kwa caka cimodzi kangathe kulipira basi. Mukadziwa dzina la mudzi wa makolo anu, yambani mwakaonekera kwa anyakwawa, mutanyamula kamphatso, ndipo muchule dzina la agogo ndi mfunda wao. Kawirikawiri padzapezeka nkhalamba yowakumbukira. Musacite manyazi ngati ana alankhula Cishona cokha. Anthu a kumeneko alankhula Citonga ndi Citumbuka, koma Cicewa acimva, ndipo moni waulemu amveka m'cinenero ciri conse. Mukafika m'cilimwe mungapeze anyamata alikubvina malipenga ndi zipanda zao, atabvala zoyera.

Kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Sindinena kuti mucoke ku Harare, pakuti kunonso ndi kwanu, ndipo makolo anu anakhetsera thukuta mzinda uno. Ndinena kuti mwana ayenera kudziwa makomo ace onse awiri, nkhalamba zodziwa maina zisanathe. Yambani mawa kufunsa za makalata.