Njinga ya Kapalasa Nayo Ilembedwe pa Mapulani a Chitukuko

Mawu oyankhulidwa kwa makomiti a chitukuko a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe



Munthu akaima m'mbali mwa msewu wa M12 pa Mpingu kum'mawa kukungoyera, amaona mmene boma lino limadzukira. Minibasi zisanachuluke, njinga zimakhala zitayamba kale ulendo wolowera m'tauni. Wina wamanga matumba a mtedza, wina dengu la tomato, wina nkhuku, wina wakweza mwana wa sukulu. Tsiku la msika pa Nsaru, pa Namitete kapena pa Nambuma, katundu wochuluka amafika pa kaliyala. Koma makomiti akakhala pansi kulemba zosowa za m'mudzi, amatchula mjigo, midadada ya sukulu ndi nyumba za aphunzitsi, njinga n'kuiwalika. Chombo chimene chasenza chuma cha mabanja ambiri chotere chiyenera kudziwika bwino, kusamalidwa, ndi kupatsidwa malo pamsewu ndi pa mapulani a chitukuko.

Njinga sinabadwe monga ikuonekera lero. M'chaka cha 1817, Karl von Drais wa ku Germany anapanga chokwera chamatabwa cha magudumu awiri nachiyesa mumzinda wa Mannheim. Chinalibe mapedulo, ndipo wokwera ankakankha pansi ndi mapazi. M'zaka za m'ma 1860, amisiri a ku Paris, ena mwa iwo a banja la Michaux, anamangirira mapedulo ku gudumu lakutsogolo. Popeza kupalasa kamodzi kunkazunguza gudumu kamodzi kokha, wofuna liwiro ankangokulitsa gudumulo, mpaka m'zaka za m'ma 1870 kunabwera njinga za gudumu lofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Wokwerapo akagunda mwala ankagwa chamutu.

Vutoli analithetsa ndi John Kemp Starley wa ku Coventry, ku England. Mu 1885 iye anatulutsa njinga yotchedwa Rover, ya magudumu awiri otalika pafupifupi mofanana, yokhala ndi tcheni chopereka mphamvu ku gudumu lakumbuyo. Patapita zaka zitatu, mu 1888, John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anapanga tayala lopopa mpweya pofuna kuti kanjinga ka mwana wake kaleke kugwedeza. Kuchokera pamenepo maonekedwe a njinga sanasinthe kwenikweni. Njinga imene yaimikidwa pa chigayo ku Kabudula lero ndi mdzukulu wa Rover.

Nzeru yake yagona pa zinthu zochepa zimene mwini njinga aliyense ayenera kuzidziwa. Giya ya pa mapedulo imakhala ndi mano oposa 40, pamene ya ku gudumu lakumbuyo ili ndi mano pafupifupi 20. Motero mwendo ukazungulira kamodzi, gudumu limazungulira kawiri kapena kuposerapo, ndipo njinga ya magudumu a mainchesi 28 imasuntha mamita oposa anayi. N'chifukwa chake ulendo wa maola atatu pansi umatha mu ola limodzi panjinga, msewu ukakhala wabwino. Felemu nayo imalimba chifukwa mapaipi ake analumikizidwa m'magawo awiri a ngodya zitatuzitatu, amene sapindika msanga. Masipoko ndi mawaya opyapyala, koma amasenza katundu wolemera chifukwa onse amakoka limodzi. Imodzi ikaduka, inzake imalemedwa, limu imayamba kupotoka, ndipo posachedwa gudumu lonse limafuna kugula lina.

Kuno ku Malawi njinga zoyamba zinabwera ndi amishoni ndi atsamunda, koma amene anazifikitsa m'midzi yambiri ndi anthu obwera ku ntchito zakunja. Amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndi ena amene anakagwira ntchito ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ankabwerera ndi bulangeti, wailesi ndi njinga ya Raleigh kapena Humber. Njinga inali umboni wakuti munthu sanapite pachabe. Boma la Dr. Kamuzu Banda linaimitsa maulendo a Wenela mu 1974, ndege yonyamula anthu ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi ambiri. M'zaka zotsatira misika inadzaza ndi njinga zotsikirapo mtengo, monga Phoenix ya ku China ndi Hero ya ku India, ndipo mlimi ankatha kugula yake akagulitsa fodya. Posachedwapa kwabwera Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linakhazikitsidwa mu 2005. Njinga imeneyi anaipangira misewu yafumbi, ndipo kaliyala yake anaikonza kuti izisenza makilogalamu 100.

Ntchito imene njinga ikugwira m'madera ano ndi yosachita kufunsa. Mlangizi wa zaumoyo amafikira midzi yakutali panjinga, chimodzimodzinso mlangizi wa zaulimi. Wodwala wa kutali ndi msewu waukulu kawirikawiri amafika pa chipatala cha Kabudula kapena cha St Gabriel's ku Namitete atakwezedwa pa kaliyala, ndipo m'midzi ina muli njinga za ambulansi zokoka kangolo ka wodwala. Mtsikana wa pa sekondale yoyendera akakhala ndi njinga amafika m'kalasi asanatope, ndipo amabwerera kwawo kusanade. Anyamata ambiri akudyetsa mabanja awo ndi kabaza. Njinga zamoto zachuluka, izo n'zoona, koma mafuta akasowa kapena akakwera mtengo, ya kapalasa imangoyendabe.

Tsono pali zinthu ziwiri zimene zikuika moyo wa opalasa pachiswe. Choyamba ndi msewu wa phula. M12 ndi njira yaikulu yopita ku Mchinji ndi ku Zambia, ndipo mumadutsa mathiraki ndi mabasi othamanga. Kumene m'mphepete mwa phula mwagumuka, wopalasa amakakamizika kulowa mkati mwa msewu. Nthawi yoopsa kwambiri ndi chisisira, pamene anthu akuchokera kumsika. Njinga yopanda nyali kapena chonyezimira, yokwera munthu wovala zakuda, dalaivala amaiona atayandikira kale. Mabuleki a ndodo, amene ali pa njinga zambiri zakale, sagwira bwino limu ikanyowa, ndipo njinga yosenza matumba awiri a chimanga siima msanga pamtsetse. Ena amachita kuchotseratu mabuleki n'kumaima ndi chidendene pa tayala. Kumeneko n'kuseweretsa moyo, wa iwo eni ndi wa amene amukweza.

Chachiwiri ndi njira za m'midzi. Nyengo ya dzinja, dothi lakatondo limamatirira ku matayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Pamadambo ndi pamitsinje yopanda mlatho, wopalasa amatsitsa katundu, kusenza njinga paphewa, kenaka kubwerera kukatenga katunduyo. Kwa wogulitsa tomato kumeneko n'kuchedwa chabe, koma kwa mayi amene matenda ake a uchembere ayamba usiku, khwawa limodzi lopanda kalavati likhoza kutayitsa miyoyo iwiri.

Udindo woyamba uli ndi mwini njinga. Aone mabuleki asananyamuke, apope matayala mokwanira, athire mafuta pa tcheni, ndipo sipoko ikaduka apite nayo kwa wokonza tsiku lomwelo. Chonyezimira chofiira kumbuyo, nyali kutsogolo ndi belu ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi ulendo wa kuchipatala. Pamsewu ayende kumanzere, motsatana osati mogundizana mapewa, ndipo akweze dzanja asanakhote. Katundu wopingasa, monga malata ndi milimo, asatuluke mpaka kutseka msewu. Magulu a kabaza ali ndi atsogoleri awo pa siteji iliyonse, ndipo iwowa angathe kugwirizana kuti njinga yopanda mabuleki isakweze munthu, ndiponso kuti woledzera asagwire handulo. Madalaivala nawo akumbukire kuti wopalasa ali ndi ufulu pamsewu monga iwo, ndipo pomupitirira amusiyire mpata wokwanira. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Udindo wachiwiri ndi wa makomiti. Chiyambire 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, mapulani a chitukuko amayambira kumudzi. Zimene komiti ya VDC yalemba zimapita ku ADC, kenaka ku khonsolo, ndipo chimene sichinalembedwe kumudzi n'chovuta kuchipeza pa pulani ya boma lonse. Njira ya njinga siifuna mamiliyoni a msewu wa phula. Nthawi zambiri imafuna kalavati imodzi, kamlatho pa dambo, ngalande yochotsa madzi, kapena kulambula tchire pokhota. Zina mwa izi mudzi ungathe kuchita wokha mafumu akamema anthu, pamene zina zingapemphedwe kudzera kwa khansala. Za M12, umene uli m'manja mwa bungwe la Roads Authority, makomiti angathe kutumiza madandaulo awo kudzera ku khonsolo, makamaka za malo ogumuka ndi malo owolokera pa misika. Makomiti a misika, a sukulu ndi a zipatala aganizirenso zopatula malo otetezeka oimikapo njinga, chifukwa banja likabedwa njinga limakhala labedwa miyendo.

Mu 2018 bungwe la United Nations linasankha 3 June kukhala tsiku lokumbukira njinga pa dziko lonse. Mizinda ina yolemera, monga Amsterdam ndi Copenhagen, inawononga ndalama zambiri kumanga njira za njinga pofuna kuti anthu asiye galimoto. Anthu a ku Nsaru ndi ku Nambuma safuna kunyengereredwa kuti apalase. Chimene akusowa ndi njira yodutsika chaka chonse ndi kufika kwawo ali moyo.

Choncho pempho ndi ili. Pa msonkhano wotsatira wa VDC iliyonse, aitanidwe anyamata a kabaza, amayi a geni, ana a sukulu ndi alangizi, ndipo atchule malo onse amene munthu amatsika n'kusenza njinga. Malo amenewo alembedwe ndi mayina ake, asanjidwe kuyambira oopsa kwambiri, ndipo mndandandawo upite ku ADC mvula isanayambe.