Khwangwala wa Nthenga Zobwereka

Anthu a ku Tamanda alidziwa bwino dzina lakuti Adachi cifukwa ca misyoni. Amisyoniwo anafika ku Magwero m'caka ca 1899 kucokera ku South Africa, koma makolo ao ambiri anali a ku Holland. Nkhani ya lero ndi ya cithunzi ca m'dziko limenelo.

Anacilemba ndi Melchior d'Hondecoeter, amene anabadwira ku Utrecht mu 1636 namwalira ku Amsterdam mu 1695. Munthuyu anachuka polemba mbalame: nkhuku, abakha, mapikoko ndi zina zocokera kutali. Mu 1671 analemba cithunzi ca khwangwala alikulandidwa nthenga, ndipo cisungidwa m'nyumba ya zithunzi yochedwa Mauritshuis, mu mzinda wa The Hague.

Nthano yace ndi ya Aesop, Mgriki wakale. Mbalame zinaitanidwa kuti yokongola koposa ilongedwe ufumu. Khwangwala, poona kuda kwace, anatola nthenga zimene zinzace zinataya, nadzisomeka nazo. Pabwalo onse anazizwa naye. Koma mbalame iri yonse inazindikira nthenga yace nkuizula, ndipo khwangwala anatsala monga analiri kale, manyazi okha ataonjezeka.

D'Hondecoeter sanalembe khwangwala alikunyada ai. Anasankha nthawi ya kulandidwa, pamene bodza lafika poyera. Tsono ogula zithunzi zace anali anthu acuma, ambiri a iwo olemera ndi malonda a zombo. Mwini nyumba popacika cithunzi cotere anali kucenjeza alendo ace, kapenanso iye mwini.

Cenjezo limeneli lifikanso pa mudzi. Mnyamata wobwera kucokera ku nchito afuna kuoneka bwana: jekete labwereka kwa mnzace, njinga ya ngongole, nsapato zosalipira. Apongozi amlandira ndi nkhuku. Koma mwezi ukatha eni zinthu afika mmodzimmodzi, yense kudzatenga cace, ndipo mbeta imene anaifunsira iona zonse. Akuluakulu amati nkhwangwa yobwereka siicedwa kuguluka.

Kubwereka sikulakwa, pakuti wosowa khasu apempha kwa mnansi nalibweza. Colakwa ca khwangwala cinali kunena kuti nthengazo nzace. Agogo amene asimbira ana za Kalulu madzulo angathe kuonjezapo nthano iyi, pakuti khwangwala ana amdziwa kale: amuona tsiku ndi tsiku pankhokwe.