MALO A MAKOLO AKAPITA PA TAITOLO SABWERERA KU MUDZI

Mau okambidwa kwa mafumu, nduna ndi alimi a m'midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa



Mudzi wa alimi uli ndi cuma ca mitundu iwiri. Cina ndi cija cimene munthu angathe kunyamula kapena kukusa, monga ng'ombe, ngolo, pulawo, njinga ndi cimanga ca m'nkhokwe. Cina ndi nthaka: munda, dimba, tsala logonekedwa, dambo la msipu, thengo la nkhuni ndi manda. Malamulo a dziko la Zambia asamala mitundu iwiriyi mosiyana, ndipo mabanja ambiri alowa m'mabvuto cifukwa cosadziwa kusiyana kwake.

Anthu a m'cigawo cino adziwa kale kuwawa kwa kutaya nthaka. Mzungu wa ku Germany, Carl Wiese, ananena kuti Mfumu Mpezeni anamupatsa dziko, ndipo pa mau amenewo panakhazikika kampani ya North Charterland m'caka ca 1895. Angoni atagonja pa nkhondo ya mu 1898, malo acondo ozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, anasanduka mafamu a fodya a azungu. M'caka ca 1928 atsamunda anadula malo ochedwa marizevu, nakankhiramo eni dziko. Anthu anapanikizana, minda inaleka kugonekedwa, nthaka inaguga ndi kukokoloka, pamene malo ambiri a kampani anangokhala thengo lopanda wolima. Boma la atsamunda linagula malowo mu 1941 ndi kuyamba kubwezeramo anthu, koma midzi inali itasauka kale. Zonsezi zinayamba ndi pepala limene eni minda sanaliwerenge.

Pa 30 June 1975, polankhula ku msonkhano waukulu wa cipani ca UNIP, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti palibe munthu adzakhalanso mwini nthaka mpaka muyaya. Mataitolo onse otere anasanduka lendi ya zaka 100, ndipo nthaka yopanda citukuko inaleka kukhala ndi mtengo wogulitsira. Lamulo limenelo linakhala zaka 20. M'caka ca 1995, mu ulamuliro wa Pulezidenti Frederick Chiluba, Nyumba ya Malamulo inalifafaniza ndi kuika lina lochedwa Lands Act, ndipo ili ndilo mlimi aliyense ayenera kulimvetsa.

Lamulo la mu 1995 linena kuti nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti, amene aisungira anthu a dziko lino. Libvomerezanso malo a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu monga mwa mwambo, kotero kuti munthu wolima munda wa makolo ake sakuphwanya lamulo ngakhale alibe pepala. Koma lamulo lomwelo linatsegula khomo lakuti malo a makolo angasandutsidwe malo a taitolo, a lendi yofika zaka 99. Wofuna taitolo ayenera kupeza cilolezo ca mfumu yaikulu ya dera, kenaka ca Khonsolo ya boma lake, ndipo mapepala apita kwa Kamishinala wa Malo ku Lusaka. Lamulo liti anthu amene nkhaniyo iwakhudza ayenera kufunsidwa malo asanaperekedwe.

Taitolo ili ndi ubwino wake. Mwini wake angathe kuipereka cikole ku banki ndi kutenga ngongole ya feteleza kapena thirakitala, ndipo angathe kugulitsa malowo. Koma malo akalowa pa taitolo acoka m'manja mwa mfumu, ndipo lamulo silinaike njira yowabwezera ku mudzi. Mwini taitolo alipira lendi ku Boma caka ndi caka. Akalephera kubweza ngongole, banki igulitsa munda kwa mlendo. Akamanga waya kuzungulira dambo, ng'ombe za mudzi wonse zisowa msipu ndi madzi, ndipo amai asowa kotola nkhuni. Malangizo a Boma a mu 1985 alola Khonsolo kubvomereza famu yofika mahekitala 250 kwa munthu mmodzi. Banja la kumudzi likamalima mahekitala awiri, malo otere akwanira mabanja 125. Akulu anati madzi akatayika saoleka.

Ngozi siicokera kwa alendo a galimoto okha. Nthawi zina ndi mwana wa pamudzi pomwepo, wophunzira ndi wokhala ku Lusaka kapena ku migodi, amene alembetsa munda wa mbumba yonse m'dzina lake yekha. Abale ake adzazindikira tsiku limene opima malo afika ndi zikhomo zao za simenti. Nduna ya mudzi imene ilandira ndalama kuti idinde cala pa pepala losawerengedwa pa bwalo igulitsa zinthu zimene si zake, pakuti mfumu ndi nduna ndi osunga cabe a nthaka ya anthu ao.

Nthawi ina yoopsa ndi ya maliro. M'caka ca 1989 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo, kuti lithetse mkhalidwe wolanda katundu wa amasiye. Pa magawo 100 a cuma, ana alandira 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a womwalira 20, ndipo ena amene womwalirayo anali kuwasunga alandira 10. Ngati bambo wasiya ng'ombe 10, ndiye kuti 5 ndi za ana, 2 za mai wao, 2 za makolo ake, ndi imodzi ya osungidwa. Pa mitala, akazi agawana magawo 20 omwewo. Ziwiya za m'nyumba ndi zipangizo zazing'ono zolimira zikhala za mai ndi ana. Munthu wosankhidwa ndi khoti kuyang'anira cuma ndi wogawa cabe, ndipo akadyapo ali ndi mlandu.

Koma lamulo limeneli silikhudza malo a makolo. Munda ugawidwa monga mwa mwambo. Pakati pa Acewa ndi Ansenga munda utsata mbumba ya kucikazi: mwamuna wa cikamwini alima kwao kwa mkazi, ndipo mkazi wa citengwa mwamuna akamwalira angathe kuona ana a alongo a malemu atabwera kudzatenga munda umene iye waulima zaka zambiri. Pakati pa Angoni, kumene malowolo aika ana ku cimuna, munda upita kwa ana aamuna, ndipo mai wosabereka mwana wamwamuna akhala pa ngozi yobwezedwa kwao manja ali zii. Apa ndi pamene mau a mfumu, a nduna ndi a ankhoswe alemera koposa pepala la ku Lusaka.

Njira yotetezera minda popanda kuicotsa m'manja mwa mudzi ilipo. Pakati pa 2014 ndi 2018, m'madera a mafumu Mkanda, Mnukwa, Maguya ndi Mshawa kufupi ndi Chipata, bungwe la Chipata District Land Alliance linathandiza midzi kuyendera malire a minda, eni minda yoyandikana ali pomwepo. Malire anajambulidwa pa mapu, ndipo mafumu anasaina zikalata za malo a makolo. Cikalata cotere si taitolo, ndipo munda ukhalabe pansi pa mfumu. Phindu lake ndi lakuti pa cikalata pangalembedwe dzina la mwamuna, la mkazi ndi a ana, kotero kuti pa tsiku la maliro umboni ulipo.

Cifukwa cace mudzi uliwonse ucite izi cilimwe cino, mvula isanagwe. Coyamba, eni minda ayendere malire pamodzi ndi nduna, nabzale nkhadze kapena khonje pamene palibe culu kapena mfuleni. Caciwiri, nduna isunge buku la mudzi lolembamo munda uliwonse, mwini wake, ndi wobwereka ngati ulipo, pakuti munda wobwerekedwa zaka zambiri popanda mboni ndiwo ubala milandu. Cacitatu, dambo, manda ndi thengo la nkhuni zilembedwe kuti ndi za mudzi wonse. Cacinai, bambo anene pamaso pa ankhoswe ndi mfumu, iye akali moyo, kuti mkazi ndi ana adzalima pati. Cacisanu, pepala lililonse lokhudza nthaka liwerengedwe mokweza pa bwalo, m'cinenero ca eni mudzi, munthu asanasaine. Mkangano ukakanika kwa mfumu, bwalo la Lands Tribunal lili ndi mphamvu yoweruza milandu ya malo, ndi a makolo omwe.

Safunsa anadya phula. Wobwera ndi pepala la malo ayambe wadikira mpaka mudzi wonse utamva zolembedwamo.