Kamudzi Kamene Kanapatsa Lusaka Dzina

Munthu woima pa Matero m'mawa, napenya khamu la anthu alikutsikira ku nchito m'tauni, sangaganize msanga kuti dziko lonseli linali la minda, misampha ndi ng'ombe. Koma ndimo linaliri. Eni ace anali Asoli ndi Alenje, ndipo pakati pao panali kamudzi kakang'ono ka nyakwawa dzina lace Lusaaka. Ena ati iye anali Msoli, ena ati Mlenje, ndipo mkangano umenewo sunathe. Akulu asimba kuti kamudziko kanali pafupi ndi citunda cochedwa Manda Hill, pamene paima Nyumba ya Malamulo lero. Dzina lokhalo lakuti manda lionetsa kuti anthu anakhalitsa pamenepo, naika akufa ao.

Ku England kamudzi kotere sikaiwalika msanga. Midzi yambiri ya kumeneko inalembedwa maina m'buku la Domesday m'caka ca 1086, pamodzi ndi minda ndi makasu a ng'ombe, ndipo chalichi ca miyala cimasunga maina a obadwa ndi akufa. Mudzi wa Lusaaka unali wa mitengo, dothi ndi udzu, ndipo mbiri yace inali pakamwa pa nkhalamba.

Cimene cinasanduliza zonse ndi njanji. M'caka ca 1905 omanga njanji yocokera ku Livingstone anafika kuno ali pa ulendo wa ku mgodi wa Broken Hill, umene tsopano uchedwa Kabwe. Anaika popatukira sitima, nachula malowo dzina la nyakwawa uja, koma malilime ao analifupikitsa. Pambuyo pace anadza Mabunu ndi ngolo zao kudzatsegula mapulazi, ndi ena ootcha laimu, pakuti pansi pa Lusaka pali mwala wa laimu wocuruka. Mwala womwewo, pamodzi ndi kusalala kwa dziko, ndiwo ubvutitsa a ku Kanyama mvula ikacuruka, monga cinacitikira m'caka ca 1978: madzi alibe kothawira.

Mu 1913 Azungu anakhazika kabungwe koyang'anira mudzi wao watsopano. M'zaka za 1928 ndi 1929 Boma linadula malire a maiko osungira Aafrika, ndipo nthaka yoyandikana ndi njanji inatsala m'manja mwa Boma ndi eni mapulazi. Apa ndipo eni dziko anasanduka alendo pakhomo pao. Mu 1931 kunatsimikizika kuti likulu licoke ku Livingstone, kotentha ndi kwa kumalire, lidze kuno pakati pa dziko, pa mtunda wa mphepo yabwino. Ndipo linasamukadi mu 1935.

Olinganiza mzinda anaganiza kwambiri za maofesi ndi nyumba za Azungu pa mtunda wa Ridgeway. Mwaafrika anamuyesa mlendo wodzagwira nchito yekha, mkazi ndi ana atatsala kumudzi. Kuganiza kumeneku kunali kolakwa, pakuti mabanja anadzabe. Ambiri anamanga misasa pa mapulazi ndi m'makomboni a mabwana ao, ndico cifukwa cace malo ena asenzabe maina acilendo, monga George, John Howard ndi Marrapodi. Lamulo la 1948 linakakamiza oyang'anira matauni kumangira nyumba anchito okhala ndi mabanja, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 Matero anamangidwa cakumpoto kwa kumadzulo kwa tauni, Chilenje ali cakumwera. Tinyumba take tinali tating'ono, koma munthu anatha kugonamo ndi a m'nyumba mwace. Pafupi pomwepo, pa bwalo la Independence, mbendera ya Zambia inakwezedwa pa 24 October 1964.

Nanga eni dziko aja ali kuti? Alenje ali cakumpoto, kwa Mfumu Mungule ndi mafumu anzace. Asoli ambiri ali cakum'mawa, ku Chongwe, pansi pa ufumu wa Nkomeshya. Kumeneko, dzinja likayandikira, amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi, ndiko kunena kukoka mitambo, ndipo mfumu ipempha mvula kwa Mulungu ndi makolo, niyamba kubzala mbeu, anthu ace asanagwire khasu.