Feteleza wa M'dziwe la Nsomba: Muyeso Wake ndi Mkono Wanu

 Amayi ndi abambo, poyendera maiwe anu ndapeza ena madzi ali mbee mpaka matope a pansi kuoneka, ena abiriwira mopitirira ndipo akununkha. Konse kuwiri nsomba sizikula bwino.

Nsomba sidya feteleza ayi. Manyowa ndi feteleza amameretsa ndere zing'onozing'ono zoyandama m'madzi, ndipo nderezo pamodzi ndi tizilombo ta m'madzi todya ndere ndizo chakudya cha makumba ndi chambo. Chilunguni amadyanso masamba, koma ana ake amadalira zomwezi. Madeya amene mumawaza aja ndi chowonjezera chabe.

Nanga tithire wochuluka bwanji? Titenge dziwe la mamita 10 mulifupi ndi 20 mulitali. Yambani ndi makilogalamu 5 a zitosi za nkhuku zouma pa sabata. Ndowe za ng'ombe n'zochepa mphamvu, choncho zimafunika zambiri kuposa pamenepo. Musamwaze manyowa dziwe lonse. Zikani timitengo pakona ya dziwe, mupange kakhola, muziikamo manyowawo kuti azisungunuka pang'onopang'ono. Amene mwasungako urea wa kumunda, wokwana theka la kilogalamu pa sabata ndi wokwanira poyamba, pajatu urea ali ndi nayitrojeni 46 peresenti. Urea kapena NPK, musungunuleni kaye m'ndowa ya madzi kenaka muwaze pamwamba pa dziwe m'mawa dzuwa litatuluka. Mukaponya NPK wa mibulu amakamira m'matope, matopewo n'kugwira fosifolasi wambiri, ndalama yanu yapita.

Manambala ndatchulawa ndi poyambira. Woweruza weniweni ndi mkono wanu. Dzuwa lili pamutu, pisani mkono m'madzi mpaka m'chigongono, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Chikamaoneka bwinobwino, dziwe lili ndi njala, thirani. Chikayamba kuzimirira madzi atafika cha m'chigongono ndipo madziwo ali obiriwira, pamenepo mwakhoza, sabata imeneyo chepetsani. Koma chikasowa mutangomiza dzanja lokha, lekeranitu. Zili ngati mchere m'ndiwo, wochepa umawonjezereka koma ukawawa suchotseka.

Apa ndipo ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amaferedwa nsomba pofuna kuzichitira zabwino. Masana ndere zimatulutsa mpweya umene nsomba zimapuma. Usiku sizitulutsa, m'malo mwake zimaugwiritsa ntchito, ndipo manyowa akamawola nawonso amadya mpweya womwewo. Ndere zikachulukitsa, pofika m'bandakucha mpweya umakhala utatha. Mukalawirira kudziwe mupeza nsomba zili pamwamba kukamwa yasa, zikumeza mpweya. Ena amati zikupempha chakudya n'kuziwazira madeya. Ayi bambo, zikubanika zimenezo. Musathire kanthu kalikonse, tsegulani ngalande mulowetse madzi atsopano mpaka nsomba zitabwerera pansi. Kukachita mitambo masiku angapo vutoli limakula, choncho nthawi yotero musathire. M'miyezi yozizira ya June ndi July muchepetsenso.

Pali maiwe ena oti ungathire bwanji sabiriwira. Onani kaye ngati madzi sakungodutsa, kulowa uku n'kutuluka uko, chifukwa mukatero mukuthirira feteleza mtsinje. Tsekani potulukira, madzi muzingowonjezera akaphwa. Madzi ofiira a matope nawo amatchinga dzuwa, ndere sizimera. Dothi lina ndi la asidi wambiri, limafuna laimu wa ulimi kapena phulusa la nkhuni musanathire feteleza. Udzu womera m'dziwe uzuleni, ukudya chakudya cha ndere.

Aliyense apeze kope, azilembamo tsiku, chomwe wathira ndi pomwe chikhatho chazimiririra. Tikachoka pano tonse tipite kudziwe la kalabu yathu, aliyense akapise mkono wake ndione. Amfumu, ndi chilolezo chanu, amene ali ndi funso afunse tisananyamuke.